Akaunti, hotela ndi timeshare: zimene ndinauza mphwanga asanayambe maulendo

Mphwanga anandipeza pa msika wa Ulongwe, kuno ku Mozambique, ndikuwerengera matumba a kachewere oti akwere galimoto ya ku Tete. Foni ili m'manja, nkhope ikuwala. "Malume, taonani izi." Pa kanemayo panali bambo wa ku America akufotokoza mmene anagonera sabata yathunthu mu hotela yapamwamba osatulutsa ndalama, chifukwa cha mapointi amene banki inam'patsa atatenga khadi yatsopano. Mnyamatayo ankafuna ndimuuze banki yoti akayambireko mawa lake.

Ndinamuuza kuti bamboyo sakunama, koma munda umene akukololamo suli kuno. Mabanki ngati Chase ndi American Express amaperekadi mapointi ambirimbiri kwa munthu amene watenga khadi ya ngongole n'kugulira zinthu za madola masauzande angapo m'miyezi itatu yoyamba. Koma amafuna nambala ya Social Security, adiresi ya ku America, ndi mbiri ya mmene umabwezera ngongole kumeneko. Ife a BI (chitupa cha unzika cha kuno) ndi NUIT (nambala ya msonkho) pakhomo limenelo sitilowa, ndipo munthu wa pa WhatsApp amene akukulonjezani kuti akutsegulirani khadi yotero mukam'tumizira ndalama ndi chithunzi cha pasipoti, ndi wakuba.

Komabe zilipo zimene ife tingapeze. Ntchito yanga yogula ndi kugulitsa zokolola yandigoneka m'nyumba za alendo zambiri, ku Tete, ku Moatize, ku Chimoio, ku Beira, kangapo ku Maputo, ndi kutsidya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chimene ndaona n'chakuti phindu lenileni limachokera pa ulendo umene unali woti uyende kale. Ukayamba kupanga ulendo kapena kutenga ngongole pofuna mphatso, mphatsoyo wayigula wekha, ndipo wayigula modula. Ndikulemba motsatira ndondomeko imene ndinam'patsa mphwangayo: kutsegula akaunti ya kubanki, kupindula pa mahotela, ndi kusamala ndi timeshare, imene ndi kugula ufulu wogona kumalo opumulira chaka chilichonse.

Yambani ndi mapepala, musanapite kubanki

Ambiri amataya tsiku lathunthu pa bisha (mzere) ya kubanki n'kubwezedwa chifukwa cha pepala limodzi. Kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Chifunde, kubwezedwa koteroko ndi ndalama ya shapa (minibasi) kawiri. Choncho sonkhanitsani izi muli kunyumba.

BI yanu ikhale yosatha ntchito. Muyang'ane tsiku lake lero lomwe, chifukwa yatsopano ya ku Identificação Civil, ofesi yopereka zitupa, simatuluka tsiku limodzi. Mlendo wokhala m'dziko muno amaonetsa DIRE, chitupa cha alendo okhazikika, kapena pasipoti. Kenako NUIT, nambala ya msonkho ya manambala 9, imene imaperekedwa ndi Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho. Kutenga NUIT n'kwaulere, musalipire munthu wa pakhomo amene akuti akufulumizitsirani. Chachitatu ndi umboni wa kumene mumakhala: declaração do bairro yochokera kwa a sekeretale a dera lanu, yokhala ndi chidindo, kapena pepala la madzi kapena la magetsi lolembedwa dzina lanu. Ngati muli pa ntchito, tengani kalata ya kuntchito yosonyeza malipiro. Ngati ndinu mlimi kapena wa geni, nenani zoona za kumene ndalama zanu zimachokera. Banki imafunsa zimenezi chifukwa lamulo limaikakamiza, osati chifukwa chokukayikirani inuyo.

Tsopano pali chinthu chimene chimavutitsa ife a kuno kuposa anthu a kumwera, ndicho kalembedwe ka maina. Maina athu analembedwa m'kaundula ndi anthu olemba Chipwitikizi. Mwale amakhala Muale, Chimwemwe amakhala Chimuemue, Phiri nthawi zina amatuluka Piri. Ndiye munthu mmodzi ali ndi BI ya Muale, NUIT ya Mwale, ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina la mkazi wake. Ikani mapepala onse patebulo, muwerenge chilembo ndi chilembo. Pamene pasiyana, kakonzetseni kaye, ndipo BI ndiyo ikhale mutu wa zonse. Dzina limeneli mudzalifunanso pa tikiti ya ndege ndi pa akaunti ya mapointi a hotela, ndipo kompyuta sidziwa kuti Muale ndi Mwale ndi mwana wa mayi mmodzi.

Nambala ya foni nayo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, chifukwa mauthenga a banki ndi manambala achinsinsi otsimikizira malipiro azibwera pamenepo.

Achinyamata adziwe kuti lamulo la maakaunti a kubanki la 2022 linatsitsa msinkhu. Wa zaka 18 atha kutsegula akaunti payekha, ndipo wa zaka 15 mpaka 17 amatsegula ndi chilolezo cha kholo kapena womulera. Lamulo lomwelo linabweretsa conta básica, akaunti yosafuna mapepala ambiri koma yokhala ndi malire pa ndalama zimene ingasunge. Kwa woyamba kumene ndi yabwino. Kwa wofuna kulipira hotela kunja kwa dziko, afunse bwino ngati khadi yake imaloledwa kutero.

Pa kauntala, funsani preçário

Mabanki amene timawaona m'chigawo chino cha Tete ndi monga Millennium bim, BCI, Standard Bank, Absa ndi Moza Banco. Sindikuuzani kuti pitani ku yakutiyakuti. Sankhani imene ili ndi nthambi kapena ATM pafupi ndi kwanu komanso m'njira imene mumayenda, chifukwa khadi yokongola ya banki imene ATM yake ili makilomita 200 kuchokera kwanu sikuthandizani.

Mukakhala pansi ndi wantchito wa banki, pemphani preçário, ndandanda ya ndalama zimene banki imadula. Ndi ufulu wanu kuiona. Funsani ndalama imene amadula pachaka chifukwa cha khadi, imene amadula mukatapa pa ATM ya banki ina, ndi ya kusamutsa ndalama kupita ku M-Pesa kapena e-Mola. Woyenda maulendo awonjezere mafunso atatu: kodi khadiyi ndi ya Visa kapena Mastercard yogwira kunja, kodi imalipira pa intaneti kapena mpaka itsegulidwe mwapadera, ndipo amadula zingati ukagulira chinthu mu kwacha kapena mu randi. Lembani mayankhowo papepala. Safunsa anadya phula.

Akakupatsani nambala ya akaunti, pemphaninso NIB, ya manambala 21. Ndi imene mumapatsa munthu wa banki ina kuti akutumizireni ndalama, ndiponso imene hotela imafuna ikamakubwezerani ndalama.

Za khadi ya ngongole, maganizo anga ndi awa. Akakuuzani kuti ili ndi mapointi kapena kuchotsera m'masitolo ena, funsani chiwongoladzanja chake pachaka, muyerekeze ndi mphatsoyo. Chiwongoladzanja cha kuno n'chokwera kwambiri moti kusamaliza kubweza kungathe kudya mphatso zimene mwapeza. Khadi imeneyi ndi ya munthu amene amabweza yonse mwezi uliwonse mosaphonya. Ndipo mukalephera kubweza, dzina lanu limalowa m'kaundula wa ngongole ku Banco de Moçambique, kumene mabanki onse amayang'ana tsiku limene mudzafune ngongole ya feteleza kapena ya galimoto. Ine ndimayenda ndi khadi wamba, ndipo ndili ndi akaunti yachiwiri imene ndimaikamo ndalama za ulendo zokha. Khadi imeneyo ikabedwa kapena ikakoperedwa, ndalama za zokolola sizikhudzidwa.

Musabwereke munthu akaunti yanu kuti "ndalama zingodutsamo", ngakhale atakhala mnzanu wa kutchalitchi. Ndalamazo zikakhala zakuba, apolisi amafika pa dzina limene lili pa akaunti. PIN ndi manambala obwera pa SMS musauze aliyense, ngakhale woimba foni atatchula dzina lanu lonse n'kunena kuti ndi wa kubanki.

Mphatso zenizeni zili pa risepishoni

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ambiri a ife sitigona m'mahotela a mayiko ambiri. Timagona mu pensão kapena residencial, nyumba ya alendo ya mwini wake mmodzi, imene ilibe mapointi alionse. Koma ili ndi chinthu choposa mapointi: munthu amene angathe kusintha mtengo pomwepo akakudziwani.

Sankhani malo amodzi mumzinda uliwonse, muzibwerera komweko. Mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wogona kuno lero, uko mwezi wamawa, amakhala mlendo kulikonse. Ulendo wachitatu, pemphani kuonana ndi a manijala, muwauze kuti mumabwera kangati pachaka, mufunse mtengo wa kasitomala wokhazikika. Ngati mumayendera kampani, bungwe kapena mpingo, pemphani mtengo wa bungwe ndipo aulembe papepala kapena pa uthenga wa foni, chifukwa wa pa risepishoni wa usiku sadziwa zimene munagwirizana masana.

Musanafike, yang'anani mtengo pa Booking.com ngati malowo alipo, kenako imbani foni mwachindunji. Mahotela amalipira kampani ya pa intaneti gawo la ndalama pa mlendo aliyense, choncho ambiri amakondwa kukupatsani mtengo womwewo kapena wocheperapo, mwina n'kuwonjezerapo kadzutsa, mukabwera nokha. Mawu anga amakhala omwewa nthawi zonse: "Mayi, pa intaneti ndaona mtengo wakuti. Ndikasungitsa kwa inu mwachindunji, masiku atatu, mundichitira bwanji?" Ndikatero ndimakhala chete, ndiwasiye ayankhe.

Dziwaninso choti mupemphe. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mphepo yochokera ku Zambezi imakhala ngati yotuluka mu uvuni, mphatso yaikulu kuposa zonse ndi chipinda cha AC (makina oziziritsa m'chipinda) yogwira ntchito. Ife otsika kuchokera kozizira ku Angónia timavutika kuposa eni mzinda. Lowani m'chipindamo musanalipire, muyatse AC, mudikire mphindi ziwiri dzanja lili pamphepo. Tsegulani mpopi. Funsani ngati ali ndi jenereta magetsi akazima, ndiponso ngati jeneretayo imayendetsa AC kapena mababu okha. Usiku wina ndinalipira chipinda cha AC pamalo ena mumzindamo osayesa, makinawo ankangolira osatulutsa mphepo yozizira, ndipo ndinachezera kunyowetsa thaulo. M'mawa anandibwezera kusiyana kwa mtengo wa chipinda cha AC ndi cha fani chifukwa ndinali nditawauza usiku womwewo, wa pa risepishoni n'kulemba m'buku. Ndikanadikira mpaka kucha, akanati bwanji simunanene.

Zina zoti mupemphe ndi zazing'ono koma zimasunga ndalama. Kadzutsa, amene kuno timati matabishu, funsani ngati ali mumtengo, ndipo ngati mukunyamuka 4 koloko m'mawa kukakwera basi ya ku Beira, pemphani akukonzereni buledi ndi dzira madzulo. Kutuluka mochedwa, kuti musayendeyende ndi chikwama padzuwa podikira ndege ya masana ku bwalo la Chingodzi ku Tete. Kusunga katundu wanu mukatuluka. Malo otetezeka oimika galimoto. Galimoto yokutengani ku bwalo la ndege, imene mahotela ena akuluakulu amapereka mwaulere koma sanena ngati simunafunse. Zonsezi zimapezeka mosavuta Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa mahotela a ku Tete ndi ku Moatize amadzaza ndi anthu a ntchito za migodi ya malasha ndi misonkhano mkati mwa sabata.

Ndipo pemphani mwaulemu. Mtsikana wa pa risepishoni waima tsiku lonse akulandira anthu okalipa. Mupatseni moni, mufunse dzina lake, ulendo wotsatira mulikumbuke. Chipinda chabwino chakumbuyo, kutali ndi phokoso la bala, chimapita kwa munthu amene iye wam'kumbuka.

Potuluka tengani factura, lisiti lovomerezeka, yokhala ndi NUIT yanu kapena ya kampani, osati kalisiti kolemba pamanja kokha. Funsaninso pachiyambi ngati mtengo umene akutchula uli kale ndi msonkho wa IVA, imene pano ndi 16 peresenti, kuti isakudzidzimutseni tsiku lonyamuka.

Nanga mapointi aja?

Kulembetsa m'mapulogalamu a mahotela akuluakulu n'kwaulere, ndipo sikufuna khadi ya ngongole. Marriott Bonvoy, Hilton Honors, Radisson Rewards ndi ALL ya Accor, onsewa amangofuna dzina ndi imelo. Funso ndi lakuti ndi iti imene ili ndi mahotela m'njira yanu. Kwa ife a kumalire, amene Lilongwe ili pafupi kuposa mzinda wa Tete, ndipo Blantyre timangodutsa pa Zóbuè ndi Mwanza, dzina limene timakumana nalo kawirikawiri ndi Protea, imene inagulidwa ndi Marriott mu 2014. Ryalls ya ku Blantyre ndi ya Protea, ku Chipata ndi ku Lusaka ziliko, ndipo ku South Africa n'zambiri. Wopita ku Maputo apeza Radisson Blu ndi Southern Sun. Sankhani pulogalamu imodzi. Mapointi omwazikana m'mapulogalamu anayi sagula usiku ngakhale umodzi.

Amene amapindula kwambiri ndi munthu wotumidwa ndi ntchito, chifukwa kampani ndi imene ikulipira koma mapointi amapita kwa wogonayo. Perekani nambala yanu ya umembala polowa, muone kuti yalembedwa pa bilu. Dziwani kuti mukasungitsa chipinda kudzera pa Booking.com kapena Expedia, mahotelawa sapereka mapointi awo, ndipo mitengo ina ya magulu a pamsonkhano nayo siwerengedwa. Funsani musanagone.

Chitani masamu kuti musadzinamize. Marriott imapereka mapointi 10 pa dola iliyonse m'mahotela ake ambiri, ndi 5 m'mahotela ena. Tiyerekeze kuti chipinda ndi madola 100, amene ndi pafupifupi mametikali 6,400. Usiku umodzi ukupatsani mapointi 1,000 kapena 500. Ngati usiku waulere pa hotela imene mukufuna ukuonetsa mapointi 15,000, ndiye kuti mugone masiku 15 kapena 30 olipira kuti muupeze. Kwa wotumidwa ndi ntchito mwezi uliwonse, chimenecho n'chotheka, ndipo angatengere banja kokapuma pa Khirisimasi. Kwa wolipira m'thumba mwake, kusiya pensão ya mametikali 2,500 n'kupita ku hotela ya 6,400 chifukwa cha mapointi ndi kutaya nkhuku pofuna dzira.

Masitepe a umembala amayendera masiku ogona pachaka. Ku Marriott, masiku 10 amakufikitsani pa Silver, 25 pa Gold, 50 pa Platinum, ndipo mphatso zolemera ngati kadzutsa waulere zimayambira pa Platinum. Ukalipira masiku asanu otsatizana ndi mapointi, tsiku limodzi salipiritsa. Mapointi amafa ngati akaunti yakhala miyezi 24 osagwiritsidwa ntchito, choncho lembani tsiku limene munagona komaliza.

Amene amagona m'malo osiyanasiyana ang'onoang'ono angapindule kwambiri ndi Genius ya Booking.com. Ukangolembetsa umachotseredwa 10 peresenti pa malo amene ali mu pulogalamuyo, ukasungitsa kasanu m'zaka ziwiri umakwera sitepe yachiwiri, ndipo ka 15 sitepe yachitatu. Ngakhale zili choncho, imbanibe foni muyerekeze.

Ndege nazo chimodzimodzi. LAM, kampani ya ndege ya dziko lathu, ili ndi Flamingo Club, Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles kwa okwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Lembetsani ndi dzina lofanana ndendende ndi la pa pasipoti, ndipo sungani kapepala kokwerera ndege mpaka mamailo ataoneka mu akaunti.

Khadi ikafika pa makina a hotela

Musanawoloke malire pa Calómuè kupita ku Malawi kapena pa Cassacatiza kupita ku Zambia, dziwitsani banki yanu masiku ndi dziko limene mukupita, kuti asatseke khadi poganiza kuti yabedwa. Nyamulani ndalama zina zapamanja, chifukwa netiweki imagwa.

Mahotela akuluakulu amagwira ndalama ya chikole pa khadi polowa, imene pa Chipwitikizi amati caução. Ndalamayo sinachoke, koma simungaigwiritse ntchito, ndipo pa khadi wamba imatha kutenga masiku angapo, nthawi zina masabata, kuti imasuke mutatuluka kale. Ngati ndalama za ulendo zili zochepa, funsani kuchuluka kwa chikolecho, ndipo pemphani kupereka chapamanja kuti mudzachilandire potuluka.

Makina ena akunja amafunsa ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya dzikolo kapena mu ndalama ina, monga madola. Sankhani ya dziko limene mwaimalo, randi ku Johannesburg, kwacha ku Lusaka. Mukasankha inayo, kampani ya makinawo ndi imene imaika mtengo wosinthira, ndipo umakhala wokomera iwo. Khadi isachoke pamaso panu. Wantchito abweretse makinawo patebulo kapena inu mum'tsatire.

Foni yoti mwapambana tchuthi

Tsiku lina mudzalandira foni, kapena mudzaimitsidwa mu shopu yaikulu ku Maputo kapena ku Johannesburg, n'kuuzidwa kuti mwapambana masiku atatu kunyanja. Chofunika n'chakuti mubwere ndi akazi anu kapena amuna anu ku msonkhano wa mphindi 90. Imeneyo ndi timeshare, ngakhale masiku ano amaitchula maina ena monga kalabu ya tchuthi.

Tanthauzo lake ndi ili: mumalipira ndalama yaikulu kamodzi kuti mukhale ndi ufulu wogona m'nyumba ya kumalo opumulira sabata imodzi chaka chilichonse, kapena mumagula mapointi osinthanitsa ndi masiku ogona. Pamwamba pake pamakhala ndalama ya chaka ndi chaka yosamalira malowo, imene ku South Africa amati levy. Imeneyi mumalipira kaya mwapita kaya simunapite, ndipo imakwera.

Ine ndi mayi a kunyumba tinakhalapo pa msonkhano wotere. Anatilandira ndi zakumwa, natipatsa mnyamata waulemu amene anayamba ndi kufunsa maina a ana athu ndi kuti tinawatengera liti kunyanja komaliza. Kenako zithunzi za mchenga woyera. Kenako mtengo, waukulu moti tinayang'anana. Titakana, anabwera wamkulu wake ndi mtengo wotsika, wa "lero lokha". Titakananso, anabwera wachitatu ndi ndondomeko yolipira pang'onopang'ono. Patebulo loyandikana nafe wina akasaina, onse ankaomba m'manja. Mphindi 90 zija zinakhala maola anayi. Mayi a kunyumba ndi amene anatipulumutsa. Anafunsa modekha kuti, "Achimwene, nanga chaka chimene mvula yavuta, osakolola, ndalama ya pachakayi tingaidumphe?" Mnyamatayo anati ayi. "Nanga tikafuna kusiya, mumatiombola?" Anayamba kufotokoza zina. Tinapempha kontirakiti kuti tikawerenge kunyumba, anakana, ndipo tinanyamuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mukufunabe kupita chifukwa cha mphatsoyo, pitani mutagwirizana kale awirinu kuti tsiku limenelo simusaina chilichonse ndipo khadi simutulutsa. Funsani pasadakhale ngati masiku aulerewo ali ndi ndalama yosungitsira, ndiponso ngati amalola nthawi ya tchuthi cha sukulu. Mayendedwe ndi chakudya zimakhala zanu.

Ndipo ngati mwakopekadi, chitani masamu a munthu wa ku Tete. Vilankulo, Tofo, Bilene ndi Ponta do Ouro zili kutali ndi ife, ulendo wa tsiku lathunthu kapena masiku awiri pa msewu, ndipo Durban ndiye kutali koposa. Phatikizani levy ya chaka chimodzi, gawo la chaka chimodzi la ndalama yogulira ija, chiwongoladzanja ngati mukulipira pang'onopang'ono, ndi ndalama ya umembala ndi yosinthira ku makampani ngati RCI ngati mukufuna kusintha malo. Gawani ndi masiku asanu ndi awiri. Kenako yang'anani mtengo wa chipinda pamalo omwewo kwa munthu wamba wongobwera. Kawirikawiri mupeza kuti wongobwerayo akulipira zofanana kapena zochepa, ndipo iye chaka chamawa ali ndi ufulu wopita ku Salima kapena ku Songo kukaona Cahora Bassa, kapena kungokhala kunyumba.

Pa malamulo, dziwani dziko limene kontirakitiyo ikutsatira. M'dziko lathu nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangokhala ndi DUAT, ufulu woigwiritsa ntchito. Choncho wokuuzani kuti mukugula "malo kunyanja" akusokeretsani. Timeshare kuno imatchedwa direito de habitação periódica ndipo ili ndi malamulo ake a mu 2007. Pemphani kuona DUAT ya malowo, chilolezo cha boma choyendetsera bizinesiyo, ndi umboni wa ku Conservatória do Registo Predial, ofesi ya kaundula wa nyumba ndi malo, ndipo mapepalawo awerengedwe ndi loya wanu, osati wawo. Ku South Africa madandaulo anachuluka mpaka National Consumer Commission, nthambi ya boma yoteteza ogula, inachita kafukufuku wa bizinesi imeneyi n'kutulutsa lipoti mu 2018, ndipo dandaulo lalikulu linali la makontirakiti opanda mapeto amene munthu sangatulukemo. Funsani kuti yanuyo imatha chaka chiti, ndiponso chimachitika n'chiyani mwini wake akamwalira, kuti ana anu asadzalandire ngongole m'malo mwa chuma.

Ngati mwasaina kale, thamangani. Lamulo loteteza ogula la ku South Africa limapereka masiku asanu a ntchito oti munthu asinthe maganizo pa chinthu chimene ogulitsa anachita kum'tsatira okha, ndipo mayiko a European Union, kuphatikizapo Portugal, amapereka masiku 14 pa timeshare. Werengani kontirakiti yanu muone masiku amene alembamo. Lembani kalata yaifupi: dzina lanu, nambala ya kontirakiti, tsiku limene munasaina, ndi mawu oti mukuithetsa ndipo mukufuna ndalama zanu. Musafotokoze zifukwa. Tumizani pa imelo ndiponso m'njira yosiya umboni woti yalandiridwa, sungani kope, ndipo pitani kubanki mukaimitse chilolezo chodula ndalama mwezi ndi mwezi. Foni yokha sikwanira, chifukwa amene wayankhayo ntchito yake ndi kukuchedwetsani mpaka masikuwo atha.

Amene ali ndi timeshare yakale asamale ndi anthu oimba foni kuti apeza wogula, koma muyambe mwatumiza ndalama ya mapepala. Timeshare yogulidwa kale imagulitsidwa motchipa kwambiri, ena amaipereka ulere kuti angothawa levy, ndiye wokulonjezani mtengo wabwino akufuna ndalama ya mapepalayo basi.

Mphwanga uja anapita kukatenga NUIT sabata yotsatira. Anapeza kuti dzina la pa declaração yake linalembedwa ndi w pamene pa BI pali u, ndipo anabwerera kwa a sekeretale asanakwere shapa ya kubanki. Akaunti anatsegula, khadi ikubwera. Mwezi wamawa tikutsikira limodzi ku Tete ndi nyemba, ndipo ndam'patsa nambala ya pensão imene ndimagona kuti aimbe yekha, afunse mtengo wa masiku awiri, AC ndi matabishu.